Kusoka diresi lokulunga la m'chilimwe pakhomo panu

Okutobala akalowa, chovala chilichonse cha zipi kumsana chimasanduka mdani. Thukuta limayenderera ndi msana, layiningi imamata m'ntchafu, ndipo anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye osanena. Nyengo imeneyi ine ndimakhalira diresi lokulunga, lija atelala ambiri amangoti wrap: lotseguka kutsogolo kuyambira m'khosi mpaka kunsi, mbali imodzi n'kudutsa pamwamba pa inzake, zingwe n'kumanga m'chiuno. Zipi palibe, mabowo a mabatani palibe. Ku America linatchuka mu 1974 chifukwa cha Diane von Furstenberg, yemwe ankalipanga ndi nsalu yotamuka, koma kwa ife amene tinakula tikumanga chitenje palibe chachilendo apa. Ndi chitenje chomwecho, changopatsidwa mapewa.

Ngati mumatha kusoka mzere wowongoka, diresi ili mulitha. Limakhululuka zambiri: mukanenepa pang'ono mumangomasula chingwe, mukatsika thupi mumakoka. Malo amene silikhululuka ndi awiri okha, khosi likayasama ndi siketi ikatseguka. Choncho pa malo awiri amenewa ndichedwapo, kwinaku tingodutsa.

Nsalu

Gulani mamita 4 ngati nsaluyo ndi ya mulifupi mwa chitenje, womwe nthawi zambiri umakhala pafupifupi masentimita 115. Ndiye kuti zitenje ziwiri za maluwa amodzi, ndipo muuze wogulitsayo asazidule pakati. Ikakhala nsalu yotambalala masentimita 150, mamita 3 akwana.

Chofunika n'chakuti ikhale ya thonje kapena visikosi, nsalu ija yofewa ndi yoterera yopangidwa kuchokera ku mitengo. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika, kaya ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu kapena ku Taifa ku Mzuzu, ndi za poliyesitala. Zimawala bwino pa shelefu, koma kuvala zimenezo mu Okutobala kuli ngati kudzikulunga m'jumbo. Musangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Pemphani kachidutswa kakang'ono, mukakayatse ndi machesi panja. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso la pepala, n'kusiya phulusa lofewa loti mukalitikita ndi zala limangotha. Poliyesitala amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kampira kakuda kolimba gwa.

Kenako ikwezeni kudzuwa, dzanja lanu lili kuseri kwake. Mukawerenga zala zonse bwinobwino, dziwani kuti mudzafunika pitikoti, ndipo pitikoti akalowapo phindu la diresi la m'chilimwe latha. Ikhwinyateninso m'manja n'kuisiya: yofewa, yogwa yokha, ndiyo imakulunga thupi bwino. Visikosi amagwa mokongola kuposa zonse komanso amazizira pathupi, koma amaterera podula ndi posoka. Ngati ili ndi diresi lanu loyamba, yambani ndi thonje.

Musanaikhudze ndi sizasi, ichapeni m'madzi ozizira, iumire pamthunzi, muisite. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, visikosi ndiye kwambiri, ndipo ndi bwino ibwerere ikadali nsalu kusiyana n'kuti ibwerere ili diresi. Kuchapako kumachotsanso kuuma kuja kwa kufakitale, ndipo mumadziwiratu ngati ikuchucha utoto.

Zina zofunika muli nazo kale kapena n'zosavuta kupeza: ulusi wofanana ndi mtundu umene wachuluka pansaluyo, mapini, tepi yoyezera, rula, choko kapena kachidutswa ka sopo kotsala kaja kopyapyala, manyuzipepala akale omatiza ndi selotepi, ndi simbi. Singano ya makina ikhale yatsopano: nambala 14 pa chitenje chokhuthala, 11 kapena 12 pa nsalu yopyapyala. Makina alionse agwira ntchito, ngakhale Singer kapena Butterfly wopalasa ndi mapazi amene sadziwa zigizagi.

Miyeso ndi patani

Pezani wina akuyezeni, mutavala bra amene mudzavalire diresilo. Tepi ili ndi mbali ziwiri, ya mainchesi ndi ya masentimita. Sankhani imodzi osasinthanso. Ine pano ndikugwiritsa ntchito masentimita. Mangani kachingwe m'chiuno pamene thupi limapindikira mukaweramira kumbali, chifukwa pamenepo ndi pomwe diresi lidzamangidwe, osati pamene pamakhala jinzi.

Kuti masamu aoneke, titenge mayi wa chifuwa 96, chiuno 80, matako 104, kuchokera paphewa kufika m'chiuno 40 kumbuyo ndi 43 kutsogolo, ndipo kuchokera m'chiuno kufika pomwe akufuna diresi lithere 70. Inu muikemo manambala anu. Pa chifuwa onjezerani 8, pa chiuno 4, pa matako 8, kuti mphepo izipeza podutsa. Mukagawa panayi mupeza 26, 21 ndi 28.

Yambani ndi kumsana, theka lokha, chifukwa tidzadula nsalu itapindidwa. Mphepete yowongoka ya pepala ndiyo pakati pa msana. Tsikani 40, jambulani mzere wa chiuno wotalika 23, ndiye kuti 21 uja ndi 2 wa dati, kakhwinya kosoka kokhala ndi nsonga kamene kamachepetsa nsalu kuti igwire thupi. Bwererani pamwamba: kuchokera pakona pitani 7.5 chammbali ndi 2 chotsika, lumikizani ndi kamzere kokhota, khosi la kumbuyo ndi limenelo. Kuchokera pa 7.5 paja jambulani phewa lotalika 24, kumapeto kwake litatsika ndi 5. Lataliki dala, kuti ligwere pamkono n'kukhala ngati kadzanja ka diresi. Potero tapewa ntchito yolowetsa manja, yomwe imagwetsa ulesi anthu ambiri. Tsikaninso 24 kuchokera pamwamba, pitani 26 chammbali, pamenepo ndi kukhwapa. Lumikizani kumapeto kwa phewa ndi kukhwapa, kukhwapa ndi m'chiuno. A mikono ikuluikulu mutsitse kukhwapako ndi 2. Mukakayika, yalani bulauzi yanu yosatamuka imene imakukhalani bwino pamwamba pa pepalalo, muone ngati zikugwirizana.

Tsopano kutsogolo. Tengani pepala lalikulupo, lembani mzere wa pakati pa chifuwa mutasiya malo a masentimita 25 mbali inayo, ndipo kopelani phewa, kukhwapa ndi m'mbali kuchokera ku patani ya kumsana. M'chiuno pakhale 24, poti dati ya kutsogolo ndi ya 3. Mabere amadya nsalu, n'chifukwa chake kutsogolo kunatalika ndi 3: tsitsani mzere wa chiuno ndi 3 ameneyo pansi pa bere, koma ukamafika m'mbali ukwere kubwerera pamene pali wa kumsana, kuti misoko ya m'mbali idzalingane. Kenako pitirizani mzere wa chiunowo kudumpha pakati ndi masentimita 17. Kumapeto kwake kwerani 4 chilili. Kakhoma kameneko ndi komwe kudzagwire chingwe.

Mzere wa khosi uchoke pamene phewa lakumana ndi khosi, utsike chopingasa mpaka pamwamba pa kakhoma kaja, wokhota pang'ono chabe. Pamene ukudutsa mzere wa pakati ndi pomwe khosi lanu lidzathere. Pakhale masentimita 18 mpaka 20 kuchokera paphewa ngati mukufuna lolowa nalo m'tchalitchi kapena kwa apongozi popanda kumangogwiragwira pachifuwa. Dulani pepalalo, liikeni pathupi, muime pagalasi.

Muli pagalasipo muona kuti m'mphepete mwa khosi pepala likuima patali ndi thupi, chapamwamba pa bere. Tsinani pamenepo kakhwinya ka sentimita imodzi ndi theka, kotha ngati nsonga ya mkondo kuloza kukhwapa, mumate ndi selotepi, muwongolenso mzerewo. Mwafupikitsa khosi osakhudza china chilichonse, ndipo theka la nkhondo ya khosi loyasama mwapambanira pomwepo, nsalu isanadulidwe.

Siketi ya kumbuyo ndi yachangu: theka, m'chiuno 21, mukatsika 20 pakhale 28, kunsi pa 70 pakhale 36, mulumikize.

Ya kutsogolo ndiyo ndikupemphani musaumire. Mbali ya kumsoko ikhale chimodzimodzi ndi ya kumbuyo, koma idumphe pakati ndi 17 m'chiuno, mofanana ndi pamwamba paja, ndipo kunsi idumphe ndi 28 kapena kuposa. Diresi langa loyamba ndinafuna kupulumutsa nsalu kuti patsale ya duku, ndiye ndinangodumphitsa masentimita 10 kuyambira m'chiuno mpaka kunsi. Pagalasi linali bwino zedi, poti pagalasi munthu umaima chilili, miyendo pamodzi. Tsiku lolivala ndinakwera kabaza wa njinga, nditakhala chammbali monga mwa nthawi zonse. Tisanafike n'komwe pamsewu waukulu siketi inali itagawikana kale pabondo, kenako kamvuluvulu wa fumbi anabwera kudzamaliza. Ulendo wonse dzanja limodzi linali pa chishalo, lina litakumbatira nsalu, ndipo nditatsika ndinagula chitenje pa okala n'kumanga pamwamba pa diresi latsopano. Duku uja sindinamuvalepo.

Pomaliza zungulizani masentimita 1.5 a msoko m'mbali zonse za zidutswa zinayi, kupatula mbali zogona popinda nsalu. M'mphepete motseguka mwa siketi ndi pa kakhoma kaja ikani 2, kunsi 3. M'khosi ikani 1 yekha.

Kudula

Yalani nsalu pa tebulo lalikulu kapena pansi posesa bwino, osati pabedi. Msana ndi siketi ya kumbuyo zidulidwe nsalu itapindidwa mulitali, pakati pa patani pali popindapo. Mzere wa pakati wa chidutswa chilichonse uyende mofanana ndi mphepete ya nsalu, kuja kumakhala zolemba za kufakitale.

Zidutswa za kutsogolo ndi ziwiriziwiri, chakumanja ndi chakumanzere. Mukamadula chimodzichimodzi, tembenuzani pepala musanadule chachiwiri, apo ayi mutuluka ndi zakumanja ziwiri ndipo nsalu yatha. Zitenje zina kumaso ndi kuseri kumafanana, choncho chidutswa chilichonse chilembeni X ndi choko kuseri mukangochidula. Yang'ananinso maluwa musanatsitse sizasi. Ngati ali ndi mutu ndi miyendo, onse aloze kumodzi, ndipo chizungulire chachikulu chisagwere pa bere kapena pakati pa mbina.

M'mbali motsala dulani zingwe ziwiri za mulifupi 8, china chotalika 120, china 80. A chiuno choposa 80 muwonjezere chachitalicho. Dulaninso timizere ta bayasi: pindani kona ya nsalu kuti ipange makona atatu, mudule motsata popindapo timizere ta mulifupi 4. Tilumikizeni mpaka titalike mokwana khosi lonse ndi mikono iwiri, pafupifupi mamita 2 ndi theka.

Pamakina

Chinthu choyamba, musanalumikize chilichonse: tengani zidutswa ziwiri za pachifuwa, musoke mzere umodzi m'mphepete mwa khosi, pafupifupi masentimita 0.7 kuchokera kumapeto, kuyambira kuphewa kutsikira kuchiuno. Sukulumikiza kanthu mzere umenewu, ntchito yake ndi kumanga. Nsalu yodulidwa chopingasa imatamuka ngakhale ndi kungoinyamula, ndipo ikatamuka sibwereranso. Musaikoke, ilekeni makina aidye okha. Mukamaliza yalani chidutswacho pa patani yake ya pepala. Chikatalika kuposa pepalalo, kokani ulusi wa pansi pang'onopang'ono mpaka zilingane, musite ndi nsalu yonyowa pamwamba.

Sokani madati. Ya kumsana italike 12. Ya kutsogolo ithere masentimita 3 pansi pa nsonga ya bere, isafike pansonga penipeni. Kunsonga musabwereze msoko chambuyo, ingomangani ulusi ndi manja. Amene madati amawavuta angathe kukwinya masentimita 3 amenewo pansi pa bere, zimakhalanso bwino.

Mapewa ndi m'mbali tisoka msoko wobisa mphonje, umene ena amati wachifalansa. Umathandiza amene tilibe ovaloko, makina aja omanga mphonje, ndipo pa nsalu yopyapyala umaposa ovalokoyo. Gundanitsani nsalu kuseri ndi kuseri, kumaso kuli kunja, ngati mukulakwitsa dala. Sokani pa 0.5. Chepetsani mphonjezo ndi sizasi, sitani, tembenuzani kuti kumaso kugundane, musokenso pa 1. Mphonje zonse zatsekeredwa m'kati.

Chitani choncho pa mapewa onse awiri ndi m'mbali ya kumanzere. Ya kumanja ikhale yosiyana, chifukwa ndi mmene mudzadutse chingwe. Isokeni msoko wamba, kumaso ndi kumaso, pa 1.5, kuchokera kukhwapa kutsika. Imani patatsala masentimita 6 kuti mufike kumapeto, bwerezani chambuyo kuti palimbe, dumphani 4, musokenso 2 otsalawo. Tsegulani msokowo ndi simbi, pindirani mphonje zake m'kati mbali zonse ziwiri n'kuzisoka, kenako zungulizani kabokosi ka msoko kuzinga bowolo. Bowo limeneli limakokedwa tsiku lililonse, likapanda kulimba ndi pomwe diresi limayambira kung'ambika.

Khosi

Yezani khosi lonse ndi tepi, kuchokera pa kakhoma kamodzi, kuzungulira kumbuyo, mpaka pa kanzake. Dulani bayasi wofupikirapo ndi masentimita 3. Pezani pakati pake, mupanike ndi pini pakati pa khosi la kumbuyo, kumaso ndi kumaso, kenako mupanike kumapeto konse kuwiri. Muona kuti bayasi akuchepa, ndipo n'zimene tikufuna. Kumbuyo kwa khosi agone mofanana ndi nsalu. Kuchepako kugawidwe kutsogolo, 1.5 mbali iliyonse, makamaka chapamwamba pa bere. Mapini achuluke, pa zala zitatu zilizonse pini. Bayasi ndiye atamuke, diresi lisatamuke.

Sokani pa sentimita imodzi, bayasi ali pamwamba. Chepetsani mphonje ndi theka. Sitani bayasi kuloza kunja limodzi ndi mphonjezo, musoke kamzere kena pa bayasiyo pafupi kwambiri ndi msoko woyamba, kogwira mphonje pansi pake. Kamzere kameneka kamaletsa bayasi kusuzumira kunja. Tsopano pindani mphepete yake yotsala, mugonetse yense kuseri kwa diresi, musite, musoke m'mphepete. Ngati mukusita ndi simbi ya makala, ikani kansalu pamwamba, poti kamoto kamodzi kokha kamaboola visikosi, ndipo simbiyo muziiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza motsata khosi.

Mukamaliza, yalani pa tebulo. Khosi labwino limaoneka ngati likufuna kupindikira m'kati pang'ono. Likamachita mafunde, latamuka: sosolani, mufupikitsenso bayasi. N'zowawa, koma kusosola mphindi makumi awiri kuli bwino kusiyana ndi kuyenda ndi pini pachifuwa mpaka diresi kutha.

Mikono imalizeni ndi bayasi wotsala mwanjira yomweyo, koma uku musamufupikitse.

Siketi, chiuno ndi zingwe

Lumikizani siketi m'mbali zonse ziwiri ndi msoko wobisa mphonje uja. Gundanitsani ndi chapamwamba, kumaso ndi kumaso, misoko ya m'mbali ikumane ndendende, musoke pa 1.5. Mphonje za m'chiuno zipindeni pamodzi, kapena muzikute ndi bayasi ngati watsala, muzisitire chokwera.

Chingwe chilichonse chipindeni mulitali kumaso kuli m'kati, musoke pa 1 mbali yaitali ndi kumapeto kumodzi, muchitembenuze pokankha ndi kumbuyo kwa pensulo, musite.

Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka, ndiye valani diresilo kaye. Mbali ya kumanzere ndiyo imagona pansi, nsonga yake n'kuloza ku bowo la kumanja. Imeneyo ilandire chingwe chachitali, chifukwa chidzatulukira pabowo, n'kuzungulira kumsana, n'kufika kumanzere. Mbali ya kumanja imadutsa pamwamba, ilandire chachifupi. Zimakumana m'chiuno chakumanzere.

Pindani mphepete yotseguka, kuyambira pa kakhoma kaja mpaka kunsi kwa siketi, sentimita imodzi kawiri, musite. Lowetsani mutu wosasoka wa chingwe pansi pa mpenderowo pa kakhoma, chingwe chikuloza m'kati mwa diresi, musoke mpendero wonse kutsika. Kenako gudubuzani chingwe chiloze kunja, muchisokerere pampenderopo kabokosi kokhala ndi X pakati. Mphepete imeneyinso yapendekeka pang'ono, choncho musaikoke posoka.

Mpendero ndi kuyesa

Musathamangire kupinda kunsi. Pachikani diresi pa hang'ala usiku wonse, la visikosi tsiku lathunthu, kuti pofuna kutsika patsikiretu. Mawa lake livaleni, mumange monga mudzamangire, muvale nsapato zake, wina ayeze ndi rula kuchokera pansi kukwera, akulemba ndi choko kuzungulira. Kuyeza kuchokera m'chiuno kumanamiza, poti mbina imakweza kumbuyo. Mbali ya pansi ija, ya kumanzere, ifupikitseni ndi sentimita imodzi kuti isamatuluke kunsi kwa inzake. Dulani mutasiya 3, pindani 1 kenako 2, sitani, sokani.

Tsopano liyeseni ngati mmene lidzavutikire kunja. Khalani pa mpando waufupi. Weramani ngati mukutola ndowa, wina akuyang'ana kutsogolo. Kwezani mwendo pa sitepe yaitali ngati mukukwera minibasi. Imani patsogolo pa fani, kapena pakhonde madzulo mphepo ikamawomba. Khosi likatsegukabe pang'ono mukawerama, sokererani ndi manja kabatani kodina kakang'ono pomwe mbali ziwiri zapingasana, m'kati mosaoneka. Siketi ikamatseguka kuposa mmene mukufunira, ikani kena pamsoko wa kumanzere, chikhato chimodzi pansi pa chiuno, kogwira mbali ya pamwamba. Malo ake enieni muwalembe ndi choko mutakhala pansi, osati mutaimirira.